Nsomba Zofiira za Che Twaibu

Che Twaibu ndinayamba kuwamva ndi mphuno ndisanawaone ndi maso. Nditabwerako ku Kepi, komwe ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi mpaka mapepala anga atatha, ndinapeza chipinda cha lendi ku Balaka, kuseri kwa njanji, pa mdadada wa zitseko zinayi. Changa chinali chachiwiri, chawo chachitatu. M'mawa uliwonse pamwamba pa khoma pankadutsa fungo la anyezi ndi tsabola. Madalawo ankakazinga samusa, kuziika m'ndowa yovindikira, n'kukazisiya ku tiyirumu ina pafupi ndi depoti. Ikamakwana naini amakhala atabwerako, chitseko n'kutseka. Mwezi wathunthu unatha osaonapo munthu akugogoda pakhomo pawo.

Inenso panalibe amene ankagogoda pakhomo panga. Anzanga akale anali atakwatira, ena atapita ku Joni komwe ine ndinkachokako. Ndinkangokhalira kuyang'ana foni, kudikira kuti wina andiuze njira yobwererera.

Tsiku lina ndinapita kukabwereka simbi yositira. Atandiuza kuti lowani, ndinaima pakhomo ngati ndalakwitsa nyumba. M'chipindamo munali mphasa, matiresi, mbaula ndi mpando umodzi. Koma pakona, pamwamba pa tebulo lolimba, panali thanki yagalasi yaitali ngati mkono wotambasula, madzi ake oyera mbee, ndipo m'katimo munkayandama nsomba zisanu ndi ziwiri zofiira ngati lalanje lakupsa. Zoterezi ndinkazigulitsa ine ku Kepi, m'shopu ya ziweto momwe ndinagwiramo ntchito zaka zitatu. Sindinkayembekezera kuzipeza kuno, kumene mbuzi zimadya makatoni pamsika.

"Mukuzidziwa?" anandifunsa ataona mmene ndinaweramira.

"Kwambiri, madala. Mwazitenga kuti?"

"Alendo angatu awa. Khalani pampandopo, Che Japheti. Simbiyo siithawa."

Che Twaibu kwawo ndi kwa Kawinga, ku Machinga. Anabwera ku Balaka ali mnyamata, nalowa ntchito yophika kunyumba ya Amwenye ena amene anali ndi sitolo ya nsalu. Anakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nsombazo zinali za adona aakulu, mayi ake a bwanayo, koma wosintha madzi ndi wopukuta galasi anali iwowo. Banjalo litaganiza zosamukira ku Mangalande, katundu yense anagulitsa kupatula thankiyo.

"Adona anandigwira dzanja," anatero. "Akuti, Twaibu, izi zimadziwa iwe. N'kundipatsa zitini ziwiri za chakudya chake. Basi, galimoto n'kunyamuka."

Akazi a Che Twaibu anali atamwalira kalekale. Ana awo awiri aakazi anakulira kwa amalume awo ku Mangochi, monga mwa mwambo, ndipo ankaimba foni pa Idi pokha. Kumudzi kwa Kawinga ankawaitana kuti abwerere, koma iwo ankati akafika kumeneko amawayalira mphasa ya alendo, ana n'kumafunsana kuti agogo awa ndi a kuti.

Zitini ziwiri zija zinatha chaka chisanathe. Pa Balaka ponse panalibe sitolo yodziwa kuti nsomba ili ndi chakudya chake cha m'chitini. Wina anawaseka, wina anawalozera kogulitsa chakudya cha nkhuku. Kenako anatuma kondakitala wa minibasi ya ku Limbe atamupatsa chitini chopanda kanthu kuti akafunse. Mnyamatayo anabwera ndi yankho lakuti kachitini kamodzi n'chimodzimodzi theka la thumba la chimanga, osawerengera za iye wotumidwayo.

"Ndinakhala pansi pa depoti pomwepo," anandiuza akuseka. "Ndinati, ha, nsomba kudya kuposa mwini wake! Samusa za milungu itatu kulowa m'kamwa mwa nsomba?"

Ndiye anayamba kuyesa. Poyamba nsombazo zinali zisanu ndi zinayi. Anazipatsa nyenyeswa za buledi, ina inatupa mimba n'kufa. Anayesa chikasu cha dzira, madzi anada tsiku lomwelo, inanso n'kupita. Ziwirizo ankazitchula motsitsa mawu, ngati munthu wokumbukira mlandu wake. Koma munthu amene waphikira Amwenye zaka zonsezo sagonja msanga pa nkhani ya chakudya. Ankagula kamulu ka usipa wouma, kuuviika katatu kuti mchere uchoke, kuuyanika, n'kuusinja m'kamtondo kachitsulo kosinjira zokometsera. Ankathiramo masamba ouma a chamwamba, soya wokazinga pang'ono, ndi kaphala kochepa kogwirizanitsa. Zonsezo ankazipaka mopyapyala pachivindikiro cha poto, kuphimba ndi chidutswa cha neti kuopa ntchentche, n'kuika padenga. Zikauma zinkamatuka ngati pepala. Ankazifikisa m'manja n'kuzithira m'chitini chakale chija cha ku Mangalande. Nthawi ya dzinja ankawonjezera ngumbi zothothola mapiko. Kamulu kamodzi ka usipa kankatha mwezi ndi theka.

Ine ndi nzeru zanga za ku Kepi ndinatulutsa foni, n'kuyamba kuwawerengera zimene azungu amasakaniza akafuna kupanga okha: nkhanu za m'nyanja yamchere, masamba a m'firiji, ndi ufa wina wolimbitsa wogula ku famase.

"Nkhanu za m'nyanja yamchere," anabwereza pang'onopang'ono. "Pa Balaka pano. Mwina mukafunse kwa a sitima, Che Japheti, kapena amabwera nazo kuchokera ku Nayuchi."

Ndinabweza foni m'thumba. Kunena zoona, nsomba zawo zinali zonenepa kuposa zimene ndinkagulitsa ine.

Makina opopera mpweya anapsa kalekale ndi magetsi athu ozimazimawa. M'malo mwake madalawo ankatunga madzi kumjigo, kuwasiya m'ndowa tsiku lathunthu, kenako n'kuchotsa makapu khumi m'thanki ndi kubwezeramo khumi atsopano, akuthira kuchokera m'mwamba kuti madzi achite thovu. Kudyetsa kunali kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo muyezo wake unali kutsina kamodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Akatsina ankakhala pamphasa n'kumayang'ana mpaka kanyenyeswa komaliza katamezedwa. Ndinayamba kumabwera madzulo kudzakhala nawo. Sitinkayankhula zambiri. Iwo pamphasa, ine pampando, tonse maso pagalasi.

Wotisokoneza anali mmodzi, mai Nelia a chitseko chachinayi, ogulitsa tomato pamsika, mayi a mawu aakulu ndi mtima wabwino. Ankasuzumira pakhomo dengu lili pamutu.

"Kodi mafilimu ayamba? Che Twaibu, umbombo wanuwo mudzafa nawo! Chiweto amachipatsa chakudya chotsina ngati fodya wa m'mphuno?"

"Zakhuta, mayi."

"Zakhuta chiyani, taonani mmene zikutsegulira kukamwa! Kwathu ku Malosa bambo anga anali ndi madamu awiri a nsomba. Gaga timathira beseni lonse. Ndiye nsomba zake, eee, dzanja langali. Izi zanuzi zaka zonsezi sizikula, ndi njala imeneyo. Ndipo mudzadya liti?"

"Izi sizidyedwa."

"Iii, ndiye mukuwetera maso? Inunso a Joni mwakhala phee, osawalangiza agogo anu."

Madalawo ankangomwetulira. Ndikuganiza kuti phokoso limenelo ankalikonda, poti ndi lokhalo linkalowa m'chipindamo.

Mu Seputembala mng'ono wawo, Che Bilali, anamwalira kwa Kawinga. Che Twaibu ananyamuka m'mamawa, anakaika maliro masana, madzulo n'kubwerera. Abale sanakondwe nazo. Mlongo wawo anawaimbira foni n'kuwafunsa ngati ku Balaka anasiyako mwana woyamwa. Choncho itayandikira sadaka ya masiku makumi anayi, panalibenso pothawira. Wamkulu wotsala anali iwowo. Ankayenera kukakhala masiku anayi, kulandira mashehe ndi kukambirana za munda wa malemuwo.

Anandiitana dzulo lake. Anandionetsa chitini, ndowa ziwiri za madzi ogona, ndi kapu.

"Inu ndiye mukuzidziwa, Che Japheti. Wina aliyense sindingamusiyire."

"Pitani ndi mtima umodzi, madala. Ntchito yanga yakale imeneyi."

M'mawa ponyamuka anandipatsa kiyi ndi manja awiri. Ali pakhomo anatembenuka, kuyang'ana thanki, n'kunena mawu angapo m'Chiyao amene sindinawamve.

Tsiku loyamba ndinachita zonse bwinobwino. Tsiku lachiwiri m'mawa foni inalira. Anali munthu wina wa ku Blantyre amene mnzanga anandilumikiza naye, woti amathandiza anthu kupeza malo pa thiraki yopita ku Joni. Anati ndifike lero lomwe, mawa kulibe mwayi. Sindinaganize kawiri. Ndinaponya malaya m'chikwama, kugogoda kwa mai Nelia, n'kuwapatsa kiyi.

"Chakudya chili m'chitini. Pang'ono pokha, kawiri patsiku. Ndibwera mawa."

"Pitani, a Joni, pitani. Nsomba ndinakula nazo ine."

Za madzi sindinatchule n'komwe. Ndinkathamangira minibasi.

Ku Blantyre munthu uja anandiuza kuti ndidikire pa Wenela. Ndinadikira tsiku limenelo, ndinagona kwa mnzanga ku Ndirande, ndinadikiranso lotsatira. Foni yake inayamba kulira osayankhidwa, kenako inazima. Tsiku lachinayi ndinakwera minibasi yobwerera, ndipo ndinafika ku Balaka dzuwa lili paliwombo, lija la mu Okutobala lowotcha mpaka m'nsapato.

Mai Nelia sanapite kumsika tsiku limenelo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, chitenje atafunda kumutu ngati pamaliro. Nditatsegula chitseko cha madala, fungo linandibweza m'mbuyo. Linali fungo la thobwa losasa. Madzi a m'thanki anali otuwa ngati phala, pansi pali matope a gaga wofufuma.

"Mayi, mwathiramo chiyani?"

"Gaga, achimwene. Wabwinobwino, wa kuchigayo dzana lomweli." Mawu awo aakulu aja anali atatha. "Ndinatsegula kachitiniko, ndinaona kuti katsala pang'ono. Ndinati mankhwala a agogowa ndisawathere. Ndiye zinkandithamangira pagalasipo, kukamwa yasa, ine chisoni. Ndinati lero zidyeko ngati ziweto za anthu. Dzanja limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Madzi atayamba kusintha ndinati eya, ayamba kukhwima, poti kudamu madzi oyera ndi a njala. Zenera ndinatseka kuopa akuba. Dzulo m'mawa ndikupeza zagona chagada."

"Zonse?"

"Zisanu ndi imodzi. Kamodzi kakadali m'menemo, kaya kali moyo."

Ndinakaona pakona, kukamwa kuli pamwamba pa madzi, kakupuma movutika. Kanali kakang'ono pa zonse, kokhala ndi banga loyera pamsana. Ndinakatunga ndi kapu n'kukaika m'ndowa ya madzi ogona aja. Kenako ndinakhuthula thanki yonse, kutsuka miyala, kutsuka galasi, kupita kumjigo kanayi. Mai Nelia ankandithandiza kusenza. Ndinkafuna kuwakalipira, koma ndinadziletsa. Kiyi madala anasiyira ine.

Che Twaibu anafika cha m'ma folo pa kabaza, atanyamula kathumba ka mpunga wa ku Chilwa kamene mlongo wawo anawapatsa. Anatipatsa moni ali panja, nkhope yowala ngati munthu amene wamaliza ntchito yolemera. Atalowa anaona thanki yopanda kanthu ikuuma. Anaika kathumbako pansi pang'onopang'ono. Anasuzumira m'ndowa. Anakhala choweramira nthawi yaitali.

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa foni ija. Sanandidule mawu.

Kenako mai Nelia analowa, n'kugwada pakhomo, m'manja muli mbale yovindikira. Ine sindinkadziwa za mbaleyo.

"Agogo, ndalakwa ine. Koma ndinati musaluze zonse. Ndinazitumbula zisanawole, ndathira mchere, zauma bwino padenga."

Anavundukula. Nsomba zisanu ndi imodzi zinali zitandandalikidwa bwinobwino, zong'ambidwa pamimba, kufiira kuja kutasanduka kotuwa ngati tsamba louma. Zipsepse zazitali zija zinali zitapindika.

Ndinayang'ana kumbali. Ku Kepi ndinaonapo mzimayi akulira chifukwa cha nsomba imodzi, ndipo ndinamuseka mumtima. Apa panalibe wolira. Che Twaibu anapukuta manja pa mkanjo wawo, n'kulandira mbaleyo ndi manja awiri, monga mmene munthu amalandirira chimene wapatsidwa.

"Zikomo, mayi. Mwavutika."

"Mundikhululukire, agogo."

"Iyayi, palibe mlandu. Munadyetsa monga amadyetsera kwanu. Dzukani, mawondo apweteka."

Mayiwo atatuluka, madala anatembenukira kwa ine.

"Nanga ku Blantyre kunayenda bwino, Che Japheti?"

Akanandimenya mbama ndikanapepukidwa. Ndinati sikunayende. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti Mulungu adzatsegula pena. M'mawa mwake ndinawaona kudzera pazenera akukumba kadzenje ka nsomba zija ndi chikwanje pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa bafa, mai Nelia atapita kale kumsika. Mbale anaitsuka n'kukaisiya pakhomo pa mwini wake.

Kansomba kotsala kaja tinakabwezera m'thanki, koma sikankadya. Kankakhala kuseri kwa mwala, zipsepse zitagwa. Madala ankatsina chakudya, kuthira, kudikira, kenako n'kuchotsa ndi supuni chisanavunde. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pamwamba pa khoma panasiya kudutsa fungo la anyezi. A ku tiyirumu anatuma uthenga kufunsa ngati akudwala, iwo anati adzabwera. Ankangokhala pamphasa atapinda miyendo, tasibihi yopempherera ili m'manja koma mikanda yake yosayenda.

"Madala, muyenera kudya inuyo," ndinatero tsiku lachinayi.

"Kakayamba iko."

"Ndipita ku Blantyre ndikakugulireni zina. Ndikudziwa kumene zimapezeka. Ndigulitsa foniyi."

"Foniyo ndi njira yanu yopitira ku Joni. Isiyeni." Analoza pagalasi. "Sikakudwala aka. Ndakayang'ana bwino, thupi lilibe chilonda. Kanazolowera kulimbirana. Chakudya chikagwa, kankathamanga chifukwa anzake akuthamanga. Panopa kathamangire ndani?"

Ku shopu kuja ankatiphunzitsa za mankhwala a madzi ndi kutentha kwake, koma zimenezi sanatiuzepo.

M'mawa mwake anagogoda pakhomo panga, koyamba chibwerere ine ku Balaka. Anali atavala buluku lakale, m'manja muli chigubu chodula pakamwa ndi chidutswa cha neti ya udzudzu.

"Ngati mulibe ulendo lero, tiyeni mukandigwirire mbali inayo."

Tinabwereka njinga ziwiri n'kupalasa kulowera ku Rivirivi. Mtsinje unali utaphwa, kutsala timadziwe apo ndi apo pakati pa mchenga, ng'ombe zitapondaponda m'mbali. Madala anapinda buluku n'kulowa mpaka m'mawondo. Ine ndinavula nsapato zanga za ku Kepi, ndinaziika pamwala, n'kugwira nsonga ina ya neti. Tinakoka kasanu. Koyamba tinakola matope ndi achule. Amayi ena ochapa anaima n'kumationerera.

"Ndiwo zake zimenezo zikwana, ankolo?" anafuula mmodzi.

"Tikuitanani zikapsa!" anayankha Che Twaibu. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu.

Pomaliza tinapeza timatemba tambirimbiri, totuwa, tating'ono ngati chala chakaniche. Anasankha titatu tokha, tina tonse n'kutibwezera m'madzi. Pobwerera sanakwere njinga. Anaikankha njira yonse, chigubu chili pa keriyala ataphimba ndi masamba, kuopa kuti madzi angakhutuke.

Timatembato sanatithire m'thanki tsiku lomwelo. Anatisunga m'beseni masiku awiri, akusintha madzi pang'onopang'ono, kuti matope a kumtsinje atuluke m'mimba. Mai Nelia anasuzumira, anaona timatembato, kenako n'kupita. Madzulo anabweretsa tomato anayi n'kuwasiya pakhomo.

Tsiku lachitatu lake madala anandiitana. Anatunga timatemba tija ndi kapu n'kutitsitsira m'thanki. Timatembato tinathamangira kukona ina n'kuunjikana, tikunjenjemera. Pafupi ndi kofiira kaja tinkaoneka ngati anthu a ganyu olowa m'nyumba ya bwana. Kofiirako sikanasunthe kuseri kwa mwala.

Anadikira mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anatsegula chitini, kutsina, n'kuwaza pamwamba. Timatemba sitinachite manyazi. Tinalumphira chakudyacho ngati tinabadwira m'galasi, tikugundana, madzi akuchita timafunde. Chakudya chinatsala pang'ono kutha. Ndinaona zala za madala zikufinya mkanjo pabondo.

Kofiira kaja kanatuluka. Sikanathamange. Kanakwera pang'onopang'ono, kanaima pansi pa timatembato, kanyenyeswa kamodzi kakumira patsogolo pake. Kanakameza. Kanalavula, n'kukamezanso. Kenako kanabwerera kuseri kwa mwala.

"Alhamdulillah," anatero Che Twaibu, motsitsa kwambiri.

Anatseka chitini n'kuchibwezera pamalo pake. Anakhalanso pamphasa, osandiyang'ana. Ndinadikira kuti mwina anena kanthu kena, za ine kapena za zisanu ndi imodzi zija, koma maso awo anali pagalasi. Patapita nthawi anafunsa ngati sitolo ya pakona ikadali yotsegula, poti ufa wa tirigu unawathera ndipo anyezi amene anali nawo anaphukira. Ndinati ndipita ndikaone.

"Mukatuluka mukokeko chitsekocho," anatero. "Fumbi limalowa m'madzi."